Mbuna ya ku Chipoka amaiyezera madzi ku Berlin, nanga mwana wa ku Mtakataka amuyezere ndani?

Mukachoka pa Mtakataka kulowera ku Salima pa msewu wa M5, simuchedwa kufika pa Chipoka. M'nyanja moyang'anizana ndi dokolo muli miyala yotchedwa Chidunga, ndipo pamiyala imeneyo ndi kwawo kwa kansomba kena ka mtundu wa mbuna komwe akatswiri anakalemba m'mabuku mu 1975 pa dzina loti Melanochromis chipokae. Msodzi wa chilimira alibe nako ntchito, n'kakang'ono ndipo kamakhala m'miyala mong'amba maukonde. Koma pitani m'masitolo ogulitsa nsomba zoweta m'mathanki a galasi ku Berlin, ku Chicago kapena ku Osaka, mukapeza mbuna za m'nyanja yathu zili ndi mitengo pagalasi, zina zitalembedwa Chipoka, zina Maleri. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika kansomba ka pa Chidungaka m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti kanagwidwa mopyola muyezo kukakongoletsa nyumba za eni ndalama.

Mwini thanki ku Berlin uja sangayerekeze kutsegula mpopi n'kuthira madzi pa nsomba yake asanatsimikize kuti mulibe klorini. Amayeza, amawerengetsa, ena amafika posungunula okha mankhwala pa tebulo la kukhitchini pokana kugula a m'botolo okwera mtengo. Amatsutsana pa mamiligalamu, amalemberana, amakwiyirana. Nsomba ya kwathu kuno amaidziwira mlingo weniweni wa klorini amene ingapirire. Tsono ine ndifunse: mwana wa msodzi wa kwa Kachindamoto, amene akumwa madzi a mumtsuko lero lino, ndani akudziwa mlingo wa klorini m'madzi akewo? Palibe. Amayi ake sadziwa, mfumu sidziwa, mlangizi wa zaumoyo amene anagawa mankhwalawo nthawi zambiri alibe n'choyezera chomwe. Nsomba yatiposa ulemu, ndipo tisanamizire Mjeremani. Tachita tokha.

Ndiyambe n'kuulula chinsinsi cha azungu oweta nsombawo, chifukwa n'chaching'ono moti n'zochititsa manyazi kuti ana athu amamaliza Fomu 4 osachidziwa.

Klorini amapha tizilombo powotcha khungu lake lopyapyala. Munthu ali ndi mimba yolimba, kotero mlingo wochepa wa m'madzi akumwa sumuchita kanthu. Nsomba ndi ina. Imapuma popititsa madzi pa tinyama tofiira tija ta kuseri kwa mutu, tomwe ndi topyapyala kuti mpweya udutse n'kulowa m'magazi. Klorini akafika pamenepo amawotcha, nsomba imayamba kubwera pamwamba kuyasamula kukamwa, kenako yatembenuka mimba m'mwamba. Bungwe la WHO limati madzi akumwa akhale ndi klorini wotsalira wosachepera theka la miligalamu pa lita pakatha mphindi 30 chithirireni, ndipo pofika kwa womwa asatsike kupyola 0.2. Bungwe loona za chilengedwe ku America, EPA, limati zamoyo za m'madzi zisakumane ndi klorini woposa 0.019 pa lita ngakhale kwa kanthawi kochepa. Werengani nokha: madzi abwino kwa mwana wanu apyola malire a nsomba maulendo oposa 25.

Njira zochotsera zilipo zingapo ndipo palibe ya matsenga. Yaulere ndiyo kusiya madzi m'chidebe chosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka padzuwa, uku mukuwavundula kuti alowe mpweya. Klorini wamba amauluka yekha. Yachangu ndi mchere wotchedwa sodium thiosulfate, womwe ojambula zithunzi akale ankatsukira mafilimu ndipo John Herschel anazindikira mphamvu yake yosungunula mchere wa siliva mu 1819. Ukakumana ndi klorini umamusandutsa chloride, chinthu chomwe chilinso mu mchere wa ndiwo, chosapha nsomba. Akatswiri a ulimi wa nsomba amawerengera mamiligalamu pafupifupi 7 a mcherewu pa miligalamu imodzi ya klorini. Mabotolo ambiri okongola a m'masitolo a nsomba, maziko ake ndi mchere womwewu kapena abale ake, wosungunulidwa m'madzi. N'chifukwa chake anzathuwo amagula paketi ya mcherewo n'kudzipangira okha. Njira ina ndi vitamini C: magawo awiri ndi theka a vitaminiyu amapha gawo limodzi la klorini, kutanthauza kuti galamu imodzi ikwanira malita pafupifupi 400 a madzi okhala ndi miligalamu imodzi pa lita.

Tibweretse masamuwa pa ndowa yathu ya malita 20. Ngati madzi ake ali ndi miligalamu imodzi ya klorini pa lita, ndiye kuti m'ndowa monse muli mamiligalamu 20. Vitamini C wofunika ndi mamiligalamu 50 okha, thiosulfate ndi 140. Kasupuni ka tiyi kodzaza kamanyamula mamiligalamu pafupifupi 5,000. Munthu wothira vitamini C ndi kasupuni, poganiza kuti kuchulutsa n'kusamala, wapyola muyezo maulendo 100. Ndipo vitamini C ndi asidi, pamene mbuna inazolowera madzi a m'nyanja yathu omwe pH yake imakhala cha m'ma 8. Wachotsa klorini, wasandutsa madzi kukhala owawasa, nsomba yafa ndithu, iye n'kumati mankhwala anali abodza. Thiosulfate nayenso akachulukitsitsa amadya mpweya wa m'madzi. N'chifukwa chake odziwa sathira ufa mwachindunji. Amayeza magalamu odziwika pa sikelo, kusungunula mu lita imodzi ya madzi, kenako n'kumatapa ndi sirinji mamililita owerengeka. Mankhwala ndi otchipa. Chodula ndi mwambo woyeza.

Pali msampha winanso womwe umakola ngakhale iwowo. Mizinda yambiri ya ku America ndi ina ya ku Britain imasakaniza klorini ndi ammonia kuti mphamvu yake ikhalitse m'mapaipi aatali. Chosakanizacho, chloramine, sichiuluka pa tsiku limodzi. Ukathira thiosulfate umapha klorini koma ammonia amatsala, ndipo ammonia m'madzi a pH yokwera ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Mphunzitsi wa sayansi amene akufuna chitsanzo choti nzeru yotengera kwina isanafunsidwe imapweteka, ndi chimenechi. Safunsa anadya phula. Nawo amene amaponya makala a m'mbaula m'thanki chifukwa anamva kuti makala amayeretsa madzi, adziwe kuti ogwira ntchitoyo ndi makala okonzedwa mwapadera kufakitale, okhala ndi timabowo tosawerengeka, osati a mitengo ya pa Khwekhwelere yomwe tikumalizayi. Ndipo wina akabwera kudzakugulitsani botolo lochotsera klorini pamene madzi anu ndi a pa mjigo kapena a mvula, mmene simunathiridwe klorini n'komwe, ameneyo ndi wakuba, mumuuze choncho.

Wina anena kuti: "Bambo inu, kuno kuli ndani woweta nsomba m'galasi? Ife nsomba timadya." Zoona. Koma musafulumire kuseka. Mu 2020 matenda a zilonda a nsomba otchedwa EUS anapezeka ku Mchinji, ndipo imodzi mwa njira zotetezera maiwe ndi kunyika maukonde ndi zidebe mu klorini zisanachoke pa dziwe lina kupita pa lina. Mlimi wa makumba kapena chilunguni amene wanyika ukonde wake n'kuuponya m'dziwe osautsuka bwino, wathira katupe ndi manja ake. Wonyamula mbewu ya nsomba kuchokera ku Domasi amene wawonjezera madzi a pampopi m'thumba ali panjira, afika ndi mitembo. Chitsime chikathiridwa klorini wamphamvu pochiyeretsa madzi osefukira atadutsa, madzi oyamba kupopawo akatayidwa m'ngalande yolowera ku dziwe kapena ku mtsinje, nsomba ndi achule zimayandama. M'chigwa chino cha Namikokwe, Nadzipokwe ndi Livulezi, mmene madzi amasefukira pafupipafupi ndipo ngalande za sikimu ya Bwanje zimalumikiza minda ya mpunga ya mabanja ambirimbiri, nzeru yochotsa klorini si ya azungu okha. Ndi yathu, ndipo sitinaphunzitsidwe.

Koma vuto lathu lalikulu ndi la mbali inayo, ndipo apa ndipo ndikufuna kukweza mawu. Woweta mbuna wa kunja akulimbana n'kuchotsa klorini. Ife tikufa chifukwa chosowa klorini, ndipo pamene wapezeka, ena mwa ife akulimbana n'kumuchotsa.

Kolera inafika m'dziko muno mu 1973. Mu nyengo ya mvula ya 2001 mpaka 2002 inagwira anthu oposa 33,000 n'kupha oposa 900. Tinalira, tinalumbira, tinaiwala. Mu Malichi 2022, namondwe Ana atangodutsa, inayambiranso ku Machinga, ndipo ulendo uno sinadikire mvula, inapitirira m'chilimwe monse ikuyenda m'madoko a m'mbali mwa nyanja. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya dziko lonse. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Mu Febuluwale kunakhazikitsidwa kampeni ya Tithetse Kolera. Pomwe mliri unkazilala, odwala anali atapyola 58,000 ndipo omwalira anaposa 1,700. Mangochi ndi Salima, maboma amene atizinga mbali ziwiri, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Anthu amenewa sanafe ndi matenda osadziwika. Mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini m'madzi ake mosalekeza mu 1908, patangotha zaka zisanu ndi chimodzi ansembe a White Fathers atamanga misasa yawo pa Mua. Zaka zoposa 100 zapita dziko likudziwa mankhwala ake.

Tsono mverani zimene zimachitika pakhomo. Azaumoyo agawa klorini. Mayi wathira m'ndowa. Bambo abwera kuchokera ku dimba, anunkhiza kapu, akwinya nkhope: "Madzi anji onunkha chipatala awa?" Mawa lake ndowa yasiyidwa padzuwa yosavundikira kuti fungo lichoke, kapena wina wafinyiramo mandimu, kapena mankhwala aja apita kochapira malaya oyera a ku tchalitchi. Osadziwa, banjalo lachita ndendende zimene amachita mwini mbuna wa kunja, lachotsa klorini mwaluso, kusiyana kwake n'kwakuti m'ndowa mwawo mulibe nsomba yofuna kupulumutsidwa. Opulumuka ndi tizilombo ta kolera. Klorini wotsalira uja, amene akumveka fungoyo, ndiye mlonda wa madzi. Madzi a pa mjigo amatha kutuluka oyera bwino, koma pakati pa mjigo ndi pakamwa pali zala zogwira m'mphepete mwa ndowa, pali masamba oikidwa pamwamba kuti madzi asatayike panjira, pali kapu imodzi yomwe mwana aliyense amaviika ndi dzanja lomwe. Mlonda mwamuchotsa, khomo lili pululu. Ngati fungo lakukanikanidi, dikirani mphindi 30 zija zithe, thirani madzi m'kapu yanu, finyirani ndimu m'kapumo n'kumwa nthawi yomweyo. Mtsuko wa banja lonse musaukhudze.

Komabe sindilola kuti mlandu wonse ugwere mayi wa kumudzi, monga amachitira mabwana m'misonkhano ya m'mahotela akamati anthu akumudzi ndi ovuta kusintha. Dandaulo la fungo nthawi zina n'loona. Onani mmene klorini amafikira pakhomo. Ufa wa HTH, womwe mphamvu yake imakhala 65 mpaka 70 pa 100 aliwonse, umasungunulidwa magalamu pafupifupi 15 pa lita kuti papezeke madzi a mankhwala a 1 pa 100. Mamililita awiri okha a madzi amenewo amaika miligalamu imodzi pa lita m'ndowa ya malita 20. Mamililita awiri! Koma mankhwalawo amagawidwa m'mabotolo a zakumwa otoleredwa, opanda chizindikiro, opanda sirinji, n'kuuzidwa pakamwa kuti muzithira pang'ono. Pang'ono wa agogo ndi pang'ono wa mdzukulu ndi osiyana. Wina athira theka la kapu, madzi n'kuwawa osamweka, banja lonse n'kulumbira kuti silidzayerekezanso. Wina asunga botolo pawindo masabata ambiri, dzuwa n'kutha mphamvu yake, n'kumathira madzi wamba m'madzi wamba ali ndi chikhulupiriro chonse. Wina akutunga mumtsinje wa matope, mmene litsiro limadya klorini asanafike pa tizilombo. Atatu onsewa amvera malangizo. Palibe ngakhale mmodzi amene wauzidwa ngati madzi ake afika pa mlingo.

Choyezera chake n'chiyani? Kabokosi ka pulasitiki koonekera, kolowa m'thumba la shati, ndi timapiritsi totchedwa DPD. Muthira madzi, muponyamo piritsi, madzi asanduka a pinki, muyerekeza ndi mitundu yojambulidwa pambali, mwawerenga mlingo. Mwana wa Sitandade 6 atha kuphunzira pa mphindi khumi. Kabokosi kameneka ndi komwe amagwiritsa ntchito osamalira maiwe osambiramo alendo m'mahotela, ndipo maiwe oterowo ndi ambiri ku Senga Bay ndi ku Mangochi, pa mtunda wongoponya mwala kuchokera m'nyanja. Madzi oti mlendo aviikemo miyendo amayezedwa. Madzi oti khanda la ku Golomoti limwe, timangoyerekeza ndi maso. Ndiuzeni ngati pali chipongwe choposa chimenechi.

Ndipo klorini wathu amayenda ndi maliro. Amabwera kolera ikapha anthu, pa galimoto zoyera za mabungwe, ndi zikwangwani ndi ma T-shirt. Mliri ukazilala, nayenso wazilala. WaterGuard anayamba kugulitsidwa m'dziko muno mu 2002, kachivundikiro kamodzi pa ndowa, koma yendani m'magolosale a kumidzi mufunse, muone kuti ndi angati ali naye chaka chonse. Munthu amene amaona mankhwala pokhapokha pamene anthu akufa, n'zodabwitsa kodi akayamba kuganiza kuti mankhwalawo ndi imfayo ndi pachibale? Kumayambiriro kwa 2023 anthu olusa anaphwanya chipatala china m'boma la Balaka chifukwa cha mphekesera zoti azaumoyo ndiwo akufalitsa kolera. Kuphwanya chipatala ndi uchitsiru ndipo sindiikira kumbuyo. Koma mphekesera imamera pamene palibe amene anafotokoza. Tikanakhala tikuonetsa anthu madzi akusanduka pinki pamaso pawo, n'kuwaonetsanso pinkiyo akuzimiririka m'ndowa yosiyidwa padzuwa, bwenzi akudziwa kuti ndi chinthu choyezeka chomwe chimabwera n'kutha, osati ufiti wa boma.

Asatinamize kuti chigwa chino n'chakutali ndi luso lamakono. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu, oyamba a mtundu wake m'dziko muno. Pamenepo chilichonse chimayezedwa usana ndi usiku. Njanji inadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka kupita ku Salima m'zaka za m'ma 1930. Kumpoto kwathuku kuli ntchito yoika paipi ya makilomita oposa 100 yokweza madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe, kuti akamwe a mumzinda, oyeretsedwa ndi oyezedwa. Zonsezi n'zabwino, sindikuzinyoza. Ndikungoti dziko lodziwa kusunga dzuwa mu batire ndi kukweza nyanja pa phiri silingandiuze kuti lalephera kuika kabokosi ka pulasitiki m'chikwama cha mlangizi aliyense wa zaumoyo. Silinalephere, silinafune. Kabokosi sikatsegulidwa ndi nduna, palibe riboni yodula, palibe alawansi.

Tibwerere kwa mbuna, chifukwa nayo nkhani yake ndi yomweyi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Malonda otumiza nsomba zamoyo kunja anakhazikika pa Kambiri Point ku Senga Bay kudzera mwa Stuart Grant, amene anamwalira mu 2007. Odumphira m'madzi kukagwira nsombazo anali Amalawi. Mmodzi mwa iwo, Saulos Mwale, ndi amene Ad Konings anamukumbukira mu 1990 potcha dzina kansomba ka pa miyala ya Taiwanee, saulosi, komwe nakonso kanatsala pang'ono kutha chifukwa chogwidwa kwambiri. Lero mbuna zambiri zogulitsidwa padziko lapansi sizinaione n'komwe nyanja yathu. Zimaswedwa m'mafamu a ku Florida, ku Czech Republic ndi kum'mawa kwa Asia, ndi anthu amene anaphunzira kusamala madzi. Mbewu ndi yathu, msika ndi wawo. Anatilanda ndi mfuti? Ayi. Anatipambana ndi sikelo, sirinji ndi kabokosi koyezera.

Sindikuwada oweta nsombawo. Ena mwa iwo anasonkha ndalama kudzera mu thumba lotchedwa ndi dzina la Stuart Grant, zomwe zinathandiza kuika zotchinga maukonde kuzungulira zilumba za Maleri ndi kubwezeretsa saulosi pa miyala yake. Munthu amene amadzuka usiku kukaona ngati nsomba yake ikupuma bwino sindingamutche mdani. Mkwiyo wanga uli pa ife, amene tili ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe, malo ofufuzira ku Monkey Bay, dipatimenti yonse ya ulimi wa nsomba ku Bunda, koma mnyamata wa pa Mtakataka amene akufuna kuyesa kuswetsa mbuna m'thanki sadziwa kokagula magalamu 100 a thiosulfate, ndipo sanamvepo kuti chinthu choterocho chilipo. Chonsecho mcherewu si wachilendo m'dziko muno. Malabotale oyeza madzi amauika m'mabotolo otengera madzi a pampopi kuti klorini asaphe tizilombo tisanawerengedwe. Uli pa shelefu, kuseri kwa chitseko cholembedwa kuti osalowa.

Amene amalemba silabasi ya sayansi ayankhe. Ana athu amaloweza kuti klorini ndi nambala 17 pa tchati, amajambula mmene madzi amayeretsedwera mumzinda, amakhoza mayeso, n'kubwerera kunyumba kumene sangathe kuuza amayi awo mamililita oti athire m'chigubu. Thanki imodzi ya galasi pa sekondale iliyonse ya m'chigwa chino, yokhala ndi nsomba zingapo zopezedwa ndi chilolezo cha a Fisheries, kabokosi koyezera, sirinji, paketi ya thiosulfate ndi botolo la klorini, ingaphunzitse mbali zonse ziwiri pa tebulo limodzi. Ndowa iyi ndi ya nsomba, tichotse mpaka pinki atheretu. Ndowa iyi ndi yathu, tithire mpaka pinki afike pa 0.5, tivundikire. Mwana amene wachita zimenezi ndi manja ake sadzasiya mtsuko padzuwa kuti fungo lichoke, ndipo sadzakhulupirira woyenda ndi mphekesera. Pa Mua, a Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 ndipo anaonetsa kuti zinthu zimene ena ankaziona ngati zachabe, zigoba za gule ndi nkhani za makolo, zikasamalidwa bwino zimakoka anthu kuchokera kutsidya la nyanja zamchere. Alendo amaima pa Mua popita ku Cape Maclear kukaona mbuna. Ana a pa Mua pomwepo, ndi angati anaionapo mbuna yamoyo ikusambira, nyanja ili pafupi chonchi?

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera: ndalama palibe, bajeti ndi yochepa, tidikire abwenzi otithandiza. Yankho limeneli ndatopa nalo. Khonsolo ya Dedza imapeza mafuta a galimoto zotsika Khwekhwelere kudzachititsa misonkhano yophunzitsa anthu kusamba m'manja. Thumba la chitukuko cha m'dera lilipo, ndipo mijigo yolembedwa mayina a aphungu tikuiona. Mjigo ndi wabwino, koma ntchito yake imathera pamene ndowa yasenzedwa pamutu. Amene amatenga ziphaso zotumiza nsomba zamoyo kunja amalipira ku boma, ndipo palibe tchimo kufunsa kuti kagawo ka ndalama imeneyo kabwerere m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ngati klorini ndi zoyezera. Mahotela amene ali kale ndi timabokosi ndi anthu odziwa kutigwiritsa ntchito angathe kuphunzitsa makomiti a mijigo a midzi yowazungulira Loweruka limodzi, mmalo mongojambulitsa zithunzi akupereka mabulangete kolera itapha kale.

Kwa inu a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, inu a komiti ya mjigo, ndi inu mafumu: ulendo wina akadzabwera ndi chigubu cha klorini, landirani ndi manja awiri, koma musawalole kukwera galimoto asanayankhe. Mankhwalawa asungunulidwa liti? Mphamvu yake ndi yotani? Tithire mamililita angati pa malita 20, ndipo choyezera mamililitawo chili kuti? Madzi akakhala a matope tichite bwanji? Akatha awa, ena tikatenga kuti mu Juni, kolera kulibe? Kenako tungani kapu mu mtsuko wa nyumba yoyandikira, muwapatse, muwauze kuti ayeze pomwepo anthu onse akuona. Akati kabokosi anakasiya ku ofesi ku Dedza, lembani tsiku ndi nambala ya galimoto, ndipo nkhaniyo ikafike pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya ADC.